KODI NAFENSO TIKADZAKALAMBA TIDZAKANA ZATSOPANO? PHUNZIRO LA KU PALABANA

Pali dandaulo limene timamva kawirikawiri pakati pa acinyamata m'dziko lathu lino, lakuti makolo ndi ouma mitu pa zinthu zamakono. Akuti ambuya akana kusunga ndalama mu foni, afuna kuzigwira m'manja ndi kuzimanga pansonga ya citenje. Akuti atate sakhulupirira uthenga wa pa foni wonena kuti fataleza wafika, afuna pepala lokhala ndi cidindo. Ndipo acinyamatawo amatsiriza ndi kudzitama kuti popeza iwo anabadwira pakati pa makina, akadzakalamba sadzavutitsa ana ao motere.

Kodi n'zoona? Funsoli si lamaceza cabe. Boma ndi makampani akusamutsira nchito zao zambiri mu foni ndi pa intaneti. Fataleza wa FISP, mayunitsi a malaiti, ndalama za penshoni, zonsezi tsopano zidzera pa makina. Munthu wotsalira m'mbuyo amataya cakudya ca banja lake. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti tinali anthu 19.6 miliyoni, ndipo oculuka mwa ife ndi ana ndi acinyamata. Ndiye kuti zaka 40 zikubwerazi dziko lino lidzakhala ndi nkhalamba zambiri kuposa kale lonse, ndipo nkhalambazo ndife amene tikuseka ambuya lero.

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tiyang'ane ku Palabana m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Ndi malo amene akhala akubweretsa nzeru zatsopano kwa alimi kwa zaka zambiri. Kumeneko kunakhazikitsidwa sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, imene boma la malemu a Michael Sata linalengeza kuti isanduke yunivesite. Kumenekonso, m'zaka za m'ma 1990, kunali nchito yoyesa ndi kukonza zipangizo zokokedwa ndi ng'ombe, mothandizidwa ndi dziko la Netherlands. Dzina la Palabana linadziwika pamodzi ndi la Magoye cifukwa ca cipangizo cochedwa ripa.

Ripa ndi citsulo cimene amamangirira pa mtanda wa pulawo wamba. M'malo motembenuza munda wonse, cimang'amba kamzere kocepa mmene mlimi adzathiramo manyowa, fataleza ndi mbeu. Nthaka yotsalayo siikhudzidwa, madzi amalowa bwino m'mzeremo, ndipo mlimi angathe kukonza munda mvula isanabwere kuti abzale ndi mvula yoyamba. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linalalikira njira imeneyi m'madera ambiri. Pa pepala zonse zinali zokoma. Koma alimi ambiri anacedwa kuilandira, ndipo ena amene anaiyesa anabwerera ku pulawo.

Anthu a m'maofesi anafulumira kunena kuti alimi acikulire amaumirira za makolo. Koma alimiwo anali ndi zifukwa zao zomveka. Kung'amba nthaka youma mu September kapena October kufuna ng'ombe zamphamvu, pamene imeneyo ndiyo nthawi imene ng'ombe zimakhala zoonda cifukwa ca kusowa kwa msipu. Munda wosatembenuzidwa umamera udzu wambiri, ndipo wopanda ndalama zogulira mankhwala ophera udzu amaonjezera nchito yopalira kwa mkazi wake ndi ana. Citsulo cikatha kapena kuthyoka, cina sicinali kupezeka m'sitolo yapafupi. Pamwamba pa zonsezi, matenda a nkhupakupa anapha ng'ombe zambiri m'zaka zomwezo. Mlimi amene ali ndi munda umodzi ndi mvula imodzi pa caka sangaseweretse nkhokwe yake. Akalakwitsa, ana agona ndi njala mpaka caka camawa. Kumene alimi anapeza mankhwala, alangizi ndi zitsulo pafupi, acikulire omwewo anaitenga ripa.

Nkhani yaciwiri ndi ya fataleza. Mu nyengo ya ulimi ya 2015/2016, boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher m'maboma 13, ndipo Chongwe linali limodzi mwa mabomawo. Mlimi anali kupatsidwa khadi longa la ku banki. Akalipira K400 yake, boma linali kuikamo gawo lake, iye n'kupita kwa wogulitsa zipangizo zaulimi kukasankha zimene afuna. Colinga cinali cabwino ndithu, pakuti cinapatsa mlimi ufulu wosankha ndiponso cinathandiza kucotsa maina a alimi ongopeka. Koma njirayi itafalitsidwa m'dziko lonse mu 2017/2018, madandaulo anaculuka. Makhadi anacedwa kutsegulidwa. Netiweki inali kusowa m'midzi. Ogulitsa ena anacedwa kulandira ndalama zao ndipo anasowa katundu. Alimi ena analandira fataleza cimanga citakula kale. Mu nyengo yotsatira boma linabwezera maboma ambiri ku njira yakale yopereka matumba, kenaka m'zaka zaposacedwapa linayambanso kufutukula e-voucher.

Mlimi wacikulire amene anaona zonsezi, akamva za cinthu cina catsopano n'kuyamba wakayika, kodi timuche mbuli? Akulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Kukayika kwakeko anakuphunzira ku munda, pa mtengo wa zokolola za caka cathunthu.

Tisaiwalenso zinthu zambiri zimene makolo athu analandira popanda kuwakakamiza. Munthu wa zaka 75 lero anaona mapaundi ndi masheleni akusanduka kwaca ndi ngwee mu 1968. Anaona maziro atatu akucotsedwa pa kwaca pa 1 January 2013. Anaonanso ndalama zatsopano za mu 2025. Zonsezi anazizolowera ndipo palibe amene amamubera cenji pa msika. Analandira wailesi, njinga, cigayo, mbeu za haibulidi ndi nyale za sola. Mafoni a m'manja atafika m'zaka za m'ma 1990, kenaka n'kufalikira m'midzi m'masiku a Celtel ndi MTN, acikulire sanazengereze, cifukwa foni inawalola kumva liu la mwana wao ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg popanda kudikira kalata. Lero ambuya amene sanapite ku sukulu amatumiza mauthenga a mau pa WhatsApp m'Cisoli kapena m'Cinyanja. Cinthu cikakhala cothandiza, cotsika mtengo ndiponso comveka m'cinenero ca munthu, ukalamba suletsa.

Ndiponso kukana sikuyendera zaka zokha. Mu 2002, dziko lili pa njala, boma la malemu a Levy Mwanawasa linakana cimanga ca GMO cimene cinaperekedwa ngati thandizo, litamva malangizo a asayansi athu. Amene anapanga cosankha cimeneco anali anthu ophunzira a m'maofesi. Kaya munthu agwirizana naco kapena ai, aliyense avomereza kuti iwo anafunsa mafunso omwewo amene mlimi wa ku Palabana amafunsa: cinthuci cidzatipindulira ciani, cidzationongera ciani, nanga cikalakwika tidzadandaula kwa ndani?

Tsono tibwerere ku funso lathu. Ife tiona kuti acinyamata a lero nawonso adzakana zina, ndipo zifukwa zake zilipo zinai.

Coyamba ndi thupi. Maso amacita cidima, makutu amalema, zala zimauma ndi kunjenjemera. Zilembo zing'onozing'ono za pa foni ndi manambala acinsinsi asanu kapena asanu ndi limodzi osiyanasiyana si cinthu capafupi kwa munthu wa zaka 70, ngakhale anali katswiri wa kompyuta pa unyamata wake. Ngakhale makina oyesa zidindo za zala amavutika kuwerenga zala za munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse.

Caciwiri, nzeru za makina zimakalamba msanga kuposa munthu. Amai amene anaphunzira taipi m'zaka za m'ma 1970 anali amakono pa nthawi yao. Anyamata amene anali akatswiri otumiza mameseji pa mafoni a mabatani m'zaka za m'ma 2000 ena a iwo lero amapempha ana kuti awathandize kulembetsa zinthu pa intaneti. Mu 2023, pamene NAPSA inalola anchito kutapako 20 peresenti ya ndalama zao, anthu ambiri a zaka zapakati anafunika thandizo kuti alembetse pa makina. Amenewa sanali nkhalamba. Kudziwa Facebook lero sikutanthauza kuti munthu adzamvana ndi makina a zaka 40 zikubwerazi, amene mwina adzakhala olankhula ndi kudzipangira okha zosankha.

Cacitatu, si acinyamata onse amene anabadwira pakati pa makina. Tikumbukira za mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta. M'masukulu ambiri makompyuta anali ocepa kotero kuti ana anadikirana mpaka usiku. Mwana wa ku Kabulonga ndi mwana wa kumidzi ya Chongwe atalikirana makilomita ocepa cabe, koma pa nkhani ya kompyuta, malaiti ndi mabandulo akhala m'maiko awiri osiyana. Kusiyana kumeneku adzakalamba nako.

Cacinai ndi cikhulupiriro. Mbadwo wa lero ndi umene walandira mameseji a akuba onena kuti ndalama zija tumizani pa nambala iyi. Ndi umene unaona mu cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, mafoni n'kuzima, netiweki n'kuvuta, ndipo wokhala ndi ndalama m'thumba ndiye anagula ndiwo. Tsopano kwabwera makina otha kutsanzira liu ndi nkhope ya munthu. Amene wapsa kangapo konse adzakhala wocenjera kwambiri akadzakula, ndipo adzukulu ake adzamuchula wouma mutu monga mmene iye achulira ambuya ake lero.

Komabe sitinena kuti zonse zidzakhala monga kale. Mbadwo uno wazolowera kuti zinthu zimasintha caka ndi caka, ndipo oculuka apita ku sukulu kuposa makolo ao. Ngati makina a m'tsogolo adzamva ndi kuyankha m'zinenero zathu, nkhalamba za mawa zidzapepukidwa pa zambiri. Koma zimenezo sizidzacitika zokha. Lero lino mauthenga ambiri a mabanki, a makampani a mafoni ndi a boma amabwera m'Cingelezi. Cisoli, cinenero ca eni nthaka ya Chongwe, sicili n'komwe pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi ya dziko.

N'cifukwa cake tipempha a unduna wa zaulimi, a unduna wa zasayansi ndi luso lamakono, a ZICTA ndi makampani a mafoni kuti atengepo phunziro pa mbiri ya Palabana. Cinthu catsopano ciyambe cayesedwa pamodzi ndi anthu amene adzacigwiritsa nchito, acikulire ali pomwepo, asanacifalitse dziko lonse. Mauthenga onena za ndalama ndi fataleza alembedwe m'zinenero za anthu, ndipo pakhale njira yomvera ndi makutu kwa osatha kuwerenga. Pa nchito iliyonse ya boma imene yaikidwa pa makina, pakhalebe ofesi kapena mlangizi amene munthu angapiteko kukalankhula naye maso ndi maso. Alangizi a zaulimi apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta kuti afike kwa alimi, pakuti foni siingaone munda. Ndipo yunivesite ya Palabana, pamodzi ndi ya Chalimbana imene ili m'boma lomwelo, ziphunzitse ophunzira ao kufunsa mlimi cifukwa cimene wakanira asanamulembe m'lipoti kuti ndi wosamva.

Kwa inu acinyamata, pempho lathu ndi lakuti muleze mtima. Ambuya akakupatsani foni kuti muwatapire ndalama, khalani nao pansi muwaonetse pang'onopang'ono, kawiri, katatu, mpaka adzitapire okha. Musawatengere nambala yao yacinsinsi ngati kuti ndi yanu, pakuti nkhalamba yodalira mdzukulu pa ngwee iliyonse yalandidwa ufulu m'nyumba yake yomwe. Ndipo akakufunsani kuti ndalamazo zikasowa mu foni adzazipeza kuti, musaseke. Ndi funso labwino, ndipo ngakhale inu muyenera kudziwa yankho lake.

Mau a akulu akoma akagonera. Malamulo ndi makhalidwe amene tikhazikitsa lero posamalira acikulire pa nkhani ya makina ndi omwewo amene tidzawapeza ife tikadzafika pa mzere wa penshoni, maso atacita cidima, tikudikira mdzukulu kuti atiwerengere uthenga.