Tiyi wophula kumene ndi mbamu yokana kutsika

Juni akafika kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa. Nyengo imeneyi tiyi wofunda ndi chipongwe. Mukam'patsa mlendo kapu yosatuluka nthunzi, akakanena kwawo kuti munam'patsa zotsala. Atsibweni anga, omwe anakalambira m'munda wa fodya kufupi ndi malire a maboma awiriwa, ankamwa tiyi wongophula kumene pamafuwa, m'kapu yachitsulo yomwe ine sindinkatha n'kuigwira komwe. Ankati wozizira ngwa ana ndi odwala.

Matenda awo anayambira pa nyama. Tsiku lina tikudya anabweza nthuli ya mbuzi m'mbale n'kunena kuti, "Mano atha awa, ukalamba." Tonse tinavomereza, poti munthu wa zaka zoposa 60 akadandaula, yankho timakhala nalo kale. Patapita miyezi iwiri mbamu ya nsima inayamba kuima pachifuwa. Ankaitsitsa ndi madzi, maso ali psuu, akazi awo akuwasisita pamsana. Kenaka anasamukira ku phala, phalalo n'kumka lisungunulidwa tsiku ndi tsiku mpaka kusanduka madzi a ufa. Lamba wa buluku anabooledwa kawiri.

Kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu anawapatsa mapiritsi a zilonda zam'mimba, ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe. Kumudzi nako nkhani inali itapsa kale: anadyetsedwa pamowa, chifukwa chaka chimenecho mabelo awo anayenda bwino ku okushoni ku Kanengo. Mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga, ndipo pachifuwa panadzaza mphini. Pomwe tinkafika nawo ku Lilongwe, komwe anawalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kukhosi, n'kuti malovu omwe akuwavuta kumeza. Dokotala anatiuza kuti ndi khansa ya kum'mero, ndipo chotupacho chinali chitatsala pang'ono kutseka njira yonse.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, pamodzi ndi madera ena a kum'mawa kwa Africa kuyambira ku Ethiopia kutsika mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Funso lakuti chifukwa chiyani ife lawazunguza mitu akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo zomwe akupeza si zakutali. Zili m'khitchini mwathu momwemu.

Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon m'dziko la France, linalengeza kuti chakumwa chilichonse chotentha kuposa madigiri 65 chikhoza kuyambitsa khansa ya kum'mero. Mlandu suli pa masamba a tiyi ayi, uli pa moto wake. Khungu la m'kati mwa m'mero ndi lofewa. Likamapsa m'mawa uliwonse n'kumapola, kupsa n'kupola, kwa zaka makumi anayi, tsiku lina limapola molakwika. Ofufuza ena ku Kilimanjaro, ku Tanzania, anachita chinthu chomwe chimandisangalatsa mpaka lero: anayenda m'makomo ndi choyezera kutentha, n'kumachiviika m'kapu panthawi yomwe mwini tiyi akuyamba kumwa. Anapeza kuti anthu ankayamba kumwa tiyi ali cha m'madigiri 70, ndipo wamkaka ndiye ankachedwa kuzizira.

Kafukufuku wotchedwa ESCCAPE, yemwe anachitika ku Blantyre, ku Moshi ndi ku Eldoret, anafunsa odwala ndi anthu abwinobwino mafunso omwe agogo aliyense angayankhe: mumadikira nthawi yaitali bwanji musanayambe kumwa tiyi kapena phala, mumamwa mothamanga bwanji, mumapsa kangati m'kamwa? Zotsatira za ku Malawi ndi Tanzania zinatuluka mu 2022, ndipo zinaonetsa kuti omwa zamoto, mofulumira, osadikira, ndiwo ankapezeka kwambiri pakati pa odwala. Chaka chomwecho gulu la Dr Bongani Kaimila, lomwe linafufuza odwala pa Kamuzu Central ndi pa St Gabriel ku Namitete, linaloza chala fodya, kuphatikizapo utsi wa fodya wosuta wina.

Tsono ndikamakumbukira atsibweni, ndimaona zonse zili pamodzi. Chingambwe chopichira m'pepala la kope, kachasu wa Loweruka, ndi kakhitchini kopanda zenera komwe ankaothera moto wa nkhuni madzulo, denga lake lakuda bii ndi mwaye. Ofufuza amautchulanso utsi wa nkhuniwu. Sindikunena kuti kapu ya tiyi payokha inawapha. Alipo anzawo omwa zamoto chimodzimodzi omwe akulimabe mpaka pano. Koma mwa zonsezi, kudikira kuti tiyi apole ndi chokhacho chosalira ndalama, chosafuna nduna kapena galimoto ya bungwe.

Ife Amalawi tikamva za kafukufuku wa khansa timaganiza za makina. N'zoona, makina tikuwafuna. Kwa zaka zambiri wodwala wofunika radiotherapy ankadikira mwayi wotumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Kenya, ndipo ambiri ankatsikira kulichete dzina likadali pamndandanda. Chipatala cha khansa cha boma pa Kamuzu Central chinatsegulidwa mwalamulo mu 2025, ndipo kwa munthu wa ku Mponela kapena ku Malomo umenewo ndi ulendo wa tsiku limodzi. Komabe makina amachiza yemwe wafika nthawi ikadalipo. Gulu la a Kaimila lomwe lija litatsatira odwala ake, linapeza kuti theka la iwo linamwalira miyezi inayi isanakwane chiwapezereni matendawa. Miyezi yomwe ife tinataya ndi mawu akuti "ndi ukalamba" ndiyo inali yamtengo wapatali kuposa makina alionse. Ukalamba umachotsa mano, umaumitsa mawondo, koma sutseka m'mero.

Atsibweni opaleshoni yochotsa chotupa inali itawapitirira. Chomwe madokotala anachita ndi kuwaika stenti, kachubu koluka ndi tiwaya, komwe amakalowetsa kali kofinyika n'kukatambasukira pachotupapo, njira n'kutseguka. Madokotala a ku Zomba ndi Blantyre anali ataonetsa kale mu 2012 kuti njirayi imatheka kuno kwathu ndipo imabwezera odwala kudya. Sichiza, ndipo anatiuza mosabisa. Koma amene sanaonepo munthu akulavulira m'chitini usiku wonse sangamvetse chomwe chinachitika m'mawa mwake, pomwe nkhalamba ija inameza madzi, n'kukhala chete kumvetsera akutsika, kenaka n'kuitanitsa ena.

Kuwasamalira kunali ntchito ya akazi awo, omwe anagona pansi pa bedi ngati gadiyani masabata atatu. Namwino anawalangiza, iwo n'kusunga zonse pamtima: nsima ikhale yofewa, ndiwo zamsuzi wambiri, nyama yosinja, kutafuna mpaka kutopa, kudya atakhala tsonga, pogona mutu ukhale pamwamba kuti zam'mimba zisabwerere. Anawauzanso kuti chakumwa cha gasi chimathandiza kutsuka kachubuko chakudya chikakakamira, ndiye atsibweni, omwe moyo wawo wonse ankati zimenezo n'za ana asukulu, anayamba kusunga botolo pansi pa mpando. Phala lothira nsinjiro linabwezeretsa kathupi pang'ono. Ululu utakula, morphine wamadzi wa kuchipatala cha boma ankawagonetsa tulo. Anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri. Anadya nsima ya chimanga chatsopano, anaona mdzukulu akubatizidwa, anagawa minda pamaso pa anyakwawa popanda mkangano.

Sabata yatha ndinaima pa Mponela m'mamawa, ndikudikira minibasi ya ku Ntchisi. Ndinalowa m'tiyirumu ina, mayi wa pamenepo n'kundithirira tiyi wamkaka wochita kubwata. Ndinamuika patebulo, n'kumatembenuza supuni, maso ali pa wotchi. Anyamata a kabaza awiri analowa, anamwa wawo, analipira, anatuluka. Mayi uja anandiyang'ana kawiri, kachitatu anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Bambo, tiyiyu walakwika?"

"Ayi mayi, ali bwinobwino. Ndikudikira apole."

"Akazizira musati ndikutenthetsereninso, makala adula."