Zikho za Loweruka Limodzi Zikupha Ntchemberembaye ku Chilwa

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu m'midzi ya kuno kugombe la nyanja ya Chilwa, kuyambira kwa Mwambo mpaka kwa Kuntumanji, ndipo ine ndikuchitsutsa poyera. Chisankho chikayandikira, munthu wofuna uphungu amatulukira ndi chikho chonyezimira, n'kulengeza mpikisano wa ntchemberembaye wa Loweruka limodzi. Lachinayi madzulo wapampando wa timu amayamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera atsikana: uyu ngwamtali, uyo amathamanga, winayo ndi mdzukulu wa amfumu. Loweruka amasewera masewero anayi kapena asanu padzuwa, mphindi zake zodulidwa kuti bwana apeze mpata wolankhula. Pofika Lolemba timu ija yatha ngati makatani. Tikagonja timati anzathu anabwera ndi mankhwala, anatsirika bwalo usiku.

Abale anga, si mankhwala ayi. Masewero ofupikitsidwa ndiwo amafuna kukonzekera kwambiri kuposa aatali, ndipo umboni wake uli ndi timu yathu yomwe ya Malawi Queens.

Mu 2016, mumzinda wa Melbourne ku Australia, atsikana athuwa anatenga malo achitatu pa mpikisano wa Fast5 atagonjetsa England ndi zigoli 35 kwa 32. Fast5 ndi ntchemberembaye yothamanga. M'bwalo mumalowa osewera asanu mbali iliyonse m'malo mwa asanu ndi awiri, pakuti a m'mapiko awiri aja amachotsedwa. Masewero amagawidwa panayi, chigawo chilichonse mphindi 6 zokha. Chigoli cha pafupi ndi 1, chapatali pang'ono ndi 2, choponyera kunja kwa mzere wozungulira uja ndi 3. Chaka chimenecho timu iliyonse inkasankha chigawo chimodzi chimene zigoli zake zinkawerengedwa kawiri, motero mpira umodzi woponyedwa bwino unkatha kubala 6. Osewera amalowa ndi kutuluka masewero ali mkati, osadikira kupuma.

Tsono taganizani. Wapakati akatopa, mnzake ayenera kulowa akudziwa kale kuti woponya zigoli amakonda kulandirira mpira kumanzere kapena kumanja. Nthawi yofunsana palibe. Mpira umodzi wotayidwa m'chigawo cha anzanu chowerengera kawiri ukhoza kukuphetsani tsiku lonse. Kudziwana kotereku sikubwera Lachinayi madzulo. Kumabwera anthu akaponyerana mpira miyezimiyezi, mpaka dzanja lizidziwa lokha kumene mnzako afike iye asanafikeko. Ndi kudziwana komweko kumene kunagwetsa New Zealand, 57 kwa 53, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018. Timakonda kutchula Mwai Kumwenda yekha, ngati mpira unkagwa kuchokera kumwamba n'kutera m'manja mwake.

Chodabwitsa n'chakuti ife a kunyanja nzeru imeneyi tili nayo kale. Pitani padoko la Kachulu m'mawa mukafunse mwini khoka ngati angalole kutola anyamata pamsika n'kuwakweza m'boti kuti akakoke matemba. Akusekani. Amadziwa kuti mbali imodzi ikachedwa kukoka, nsomba zimathawira komweko, ndipo mmodzi akajomba onse agona ndi njala. Nanga bwanji munthu yemweyo, akapatsidwa udindo m'komiti ya timu, amakhulupirira kuti ana asanu ndi awiri osadziwana akapambana chifukwa avala malaya ofanana?

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati kuno n'kwa amphawi, mtsikana ali ndi mtondo, madzi, mpunga wa kudambo ndi nsomba zoyanika, sangamataye madzulo aliwonse pabwalo. Ati nyanja ikaphwa monga inachitira mu 1995, kapena kutsala pang'ono ngati mu 2018, mabanja amabalalika kukasaka ganyu ndipo timu imabalalika nawo. Zonsezi n'zoona, sindikukana. Koma anyamata a m'midzi yomweyi amapeza nthawi ya mpira wamiyendo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo palibe amawawerengera mitolo ya nkhuni. Kholo limene limavina mwana wake akalandira chikho ndi lomwelo limamukaniza kupita kokonzekera Lachiwiri, ati kubwalo amaphunzirako uhule. Mwamuna amene anamukonda mtsikana atamuona akudumpha pabwalo ndi amene amamuletsa kusewera akangomulowetsa m'nyumba.

Atsikana nawonso asabisale kumbuyo kwa makolo. Alipo ena aluso amene amaoneka tsiku la ndalama lokha, n'kulanda malo a mnzawo amene wakhala akusesa bwalo mwezi wathunthu. Mphunzitsi wa timu amene amalola zotere ndiye woyamba kuipha, chifukwa sabata yotsatira wosesa uja sabweranso, ndipo salakwa.

Kwa inu achikulire obwera ndi zikho, pempho langa ndi ili. Ndalama zimene mumawaza tsiku limodzi zigaweni. Gulani mipira, zitsulo ziwiri za zigoli ndi wenzulo, mulipireko boti kuti timu ya pachilumba cha Chisi izitha kuwoloka. Matimu a m'sukulu ndi m'midzi azikumana Loweruka lililonse kuyambira mvula ikasiya mpaka ikayambanso, ndipo dzina la wosewera lilembedwe m'kaundula mwezi wa Meyi. Amene sanalembedwe, kaya ndi wamtali chotani, akaonerere ali kunja kwa chingwe.