Bwalo la Gofu Loposa Onse Ndi Liti?

Ku Britain ndi ku Ireland kuli mkangano umene sutha. Mwa mabwalo a gofu a m'mphepete mwa nyanja, kodi ndi liti linakonzedwa mwaluso kuposa anzake? Mabwalo amenewa eni ake amawatcha links. Ali pa nthaka ya mchenga, yopanda mitengo, imene makolo a kumeneko anaona kuti singalimidwe ndipo anaisiyira nkhosa ndi akalulu.

Gofu ndi masewero omenya kampira ndi ndodo kuti kalowe m'timaenje 18, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Choncho ntchito ya wokonza bwalo ndi kutchera misampha: zitunda, udzu wautali ndi nkhuti za mchenga. Koma pa links msampha waukulu ndi mphepo ya panyanja.

Okonda kukongola amaloza Royal County Down ku Northern Ireland, m'tsinde mwa mapiri a Mourne. Magazini ya Golf Digest inaliika patsogolo pa mabwalo onse m'chaka cha 2016. Komatu pabwaloli pali malo angapo pamene munthu amamenya mpira osaona kumene ukagwere, chifukwa milu ya mchenga yamutchinga. Kwa mlendo, pamenepo mwayi umaposa luso. Nchifukwa chake likuyenera malo achitatu.

Lachiwiri ndi Muirfield ku Scotland, limene Harry Colt analikonzanso m'zaka za m'ma 1920. Timaenje 9 toyamba timazungulira kunja kwa bwalo, ndipo 9 tomaliza timazungulira mkati mobwerera. Motero mphepo imene inali kukankha wosewera kumsana, posakhalitsa imamuomba kumaso kapena m'mbali. Sangaizolowere. Misampha yake yambiri ili poyera, ndipo wogweramo alibe womuloza chala.

Loyamba ndi Old Course ya ku St Andrews, ku Scotland komweko. Palibe munthu mmodzi amene anganene kuti ndiye analijambula. Mphepo ndiyo inaunjika mchenga, ndipo anthu amati nkhuti zoyamba zinakumbidwa ndi nkhosa zobisala chisanu. Lero nkhutizo zilipo 112. Bwaloli ndi lotakasuka, ndipo wosewera amadzisankhira yekha njira: yachidule koma yoopsa, kapena yozungulira koma yopanda ngozi. Njira imene yapindulitsa lero ikhoza kugwetsa mawa mphepo ikatembenuka. Luso lake lagona pamenepa, pakuti mphamvu zokha sizikwanira, pamafunika kuganiza.

Ndi pomwepa pamene m'chaka cha 1764 anachepetsa timaenje kuchoka pa 22 kufika pa 18, chiwerengero chimene dziko lonse linadzatsatira. Pofika 2022, mpikisano waukulu wa The Open unali utachitikirapo ka 30.

Chinanso nchakuti malowa sanalandidwe kwa anthu wamba. Chikalata cha m'chaka cha 1552 chinatsimikiza ufulu wa anthu a m'tauniyo wosewerapo. Mpaka lero, kupatula pa mipikisano ina, tsiku Lamulungu gofu saseweredwapo. Mabanja amayendapo ndi ana ndi agalu awo, udzu nkupumula.

Masiku ano anthu achuma amabwera ndi makina akuluakulu, kusalaza mapiri ndi kuthira mchenga wochokera kutali, pofuna kutengera St Andrews. Koma palibe mwa mabwalo amenewo limene lachotsa St Andrews pa malo ake. Okonza akale anayamba aona kumene madzi amayenda ndi kumene mphepo imachokera, nkuika timaenje pamene nthaka yalola.