Kufunsa Buku Lisanalembedwe

Pali mabuku ena amene anena za zinthu zosacitika ndi kale lonse, monga maulendo a kunka ku nyenyezi, makina olankhula ngati anthu, ndi makhalidwe a maiko a m'tsogolo. Buku lotere liyamba ndi ganizo limodzi laling'ono, ndilo mbeu ya nkhani yonse. Mlimi wanzeru ayamba wapenya mbeu yace asanafese. Momwemonso mlembi ayenera kuonetsa ganizo lace kwa munthu wodziwa asanayambe kulemba, pakuti buku lalikuru litha miyezi yambiri, kapena zaka.

Ku France kunali mlembi dzina lace Jules Verne. M'caka ca 1863 iye anapereka kwa Hetzel, mwini nchito yosindikiza mabuku ace, buku lathunthu lonena za mzinda wa Paris monga udzakhalira m'caka ca 1960. Hetzel analiwerenga, nalikana, poona kuti silidzakondweretsa anthu. Verne analibisa, ndipo mapepalawo anakhala cotsekeredwa kufikira 1989, pamene mdzukulu-tubvi wace anawapeza. Bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1994, mwini wace atamwalira kalekale. Akadayamba wafunsa, akadamva maganizo a Hetzel nchitoyo isanamthere masiku.

Koma Isaac Asimov, mnyamata wa ku New York, m'dziko la America, anacita mwa njira yina. Iye anali atawerenga mabuku a Edward Gibbon onena za kugwa kwa ufumu wa Aroma, ndipo anaganiza kulemba nkhani yaifupi ya ufumu wa maiko ambiri a pakati pa nyenyezi umene unagwa comweco. Pa 1 August 1941, ali ndi zaka 21, anapita kwa John W. Campbell, mkonzi wa nyuzi yochedwa Astounding Science Fiction, asanalembe ngakhale tsamba limodzi. Campbell anamvetsera, nakondwera, koma anamuuza kuti ganizolo ndi lalikuru, silingakwane m'nkhani imodzi, liyenera nkhani zambiri zotsatana. Asimov anabvomera. Nkhani yoyamba inaturuka m'mwezi wa May 1942, zina zinatsata, ndipo m'caka ca 1951 zoyambazo zinasonkhanitsidwa m'buku lochedwa Foundation, limene anthu aliwerenga kufikira lero. Mwini ganizo anayesa kuti wagwira kambeu ka dzungu, koma mnzace anaona kuti ndi mbeu ya mtengo.

Komatu kufunsa sikutanthauza kumvera mau onse. Campbell anamuuzanso kuti ayambe wandandalika zonse zimene zidzacitika m'ufumuwo. Asimov anayesa, koma mndandawo unangotalika wopanda phindu, ndipo anaung'amba, nalemba nkhani zace imodzi imodzi. Analandira uphungu umene unamthandiza, nasiya umene unammanga manja, pakuti mwini buku ndiye mlembi.

Ena aopa kufunsa, nati adzasekedwa, kapena kuti wina adzaba ganizo lao. Koma kusekedwa tsiku limodzi ndi kwapafupi. Cowawa ndico kutaya caka ca thukuta. Ndipo ganizo lokha sindilo buku: anthu awiri akapatsidwa ganizo limodzi, adzalemba mabuku awiri osiyana.

Cifukwa cace mwana wa sukulu amene afuna kulemba nkhani yotere asankhe munthu wokonda kuwerenga, wosaopa kunena zoona, kapena mphunzitsi, kapena mnzace. Asasankhe woyamika ziri zonse. Amfotokozere ganizo lace m'mau owerengeka, ndi kumfunsa zitatu izi: ngati lamveka, ngati linalembedwa kale ndi ena, ndiponso ngati iye alakalaka kumva cotsatira cace. Akamva mayankho, abwerere kwao, asinkhesinkhe yekha, ndipo pamenepo atenge colembera. Akuru akale sananame ponena kuti safunsa anadya phula.