Kukhuta Ndi Kwina, Kudya Bwino Ndi Kwina



Zakudya zikakwera mtengo, banja silisiya nsima. Zoyamba kusowa m'mbale ndi nyama, chambo, mazira, mkaka ndi zipatso. Zotsala ndi ufa, shuga ndi mafuta ophikira, chifukwa ndi zimene zimapha njala ndi ndalama yochepa. Tinaziona izi kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso chilala cha 2024 chitaononga chimanga.

N'chifukwa chake thupi la munthu silisonyeza zimene zili m'thumba mwake. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pomwe amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kuposa muyeso. Ziwirizi zimatha kupezeka m'nyumba imodzi. Mayi wokhalira tiyi wa shuga wambiri, mandasi ndi nsima amanenepa, koma mwana wake, wosowa zakudya zomanga thupi, sakula. Ife timayamikira mayiyo kuti akupeza bwino, osadziwa kuti matenda a shuga ndi BP ali pakhomo.

Opeza bwino nawonso sapulumuka. Ndalama ikachuluka, ambiri amasiya nkhwani wotendera n'kuthamangira tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi.

M'mwezi wa Ramadan nkhaniyi imaonekera poyera. Tasala tsiku lonse, koma Maghrib ikakwana mkeka wadzaza ndi samusa, zitumbuwa ndi Sobo. Ena amafika pa Eid atanenepa kuposa mmene analili poyamba swaumu, pamene anansi awo akumasula ndi madzi ndi nsima ya mchere.

Ine ndikuti ndalama yochepayo tiyambe kugulira ndiwo, zotsekemera zibwere pambuyo. Nyemba, nandolo, usipa, bonya, soya ndi nsinjiro zimamanga thupi pa mtengo wotsika kuposa nyama. Futali wa mbatata wothira nsinjiro amaposa mbale ya zokazinga. Pa daku, phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya limasunga munthu nthawi yaitali kuposa tiyi ndi buledi.

Inu amene Allah wakupatsani zochuluka, pokonza sadaka ya futali musangoika shuga ndi mafuta. Ikanimo nyemba, mtedza ndi nsomba zouma, poganizira ana a m'nyumbamo amene akukula.

Allah alandire swaumu yathu, ndipo adalitse chakudya cha banja lililonse. Ameen.