Chizungu ku sukulu, nanga pa nyumba tikambe chiti?

Kuyambira mu 2025, ana a kusukulu ya mkaka ndi a Giredi 1 m'dziko muno akuphunzira m'Chizungu. Dongosolo la maphunziro la 2023 likuti Chizungu ndicho chophunzitsira, zinenero zathu n'zothandizira pomwe mwana sanamvetse. Izi zathetsa ndondomeko ya 2014, yomwe inkati mwana aziphunzira m'chinenero cha dera lake mpaka Giredi 4. Kuno kuchigawo cha Lusaka chinali Chinyanja.

Makolo ambiri aomba m'manja, ndipo m'pomveka: mayeso, ntchito ndi makalata a boma, zonse n'zam'Chizungu. Koma ena apyola muyezo, aletsa Chinyanja pakhomo. Mwana akati "nifuna manzi", yankho n'lakuti, "Iwe, kamba Chizungu!"

Taonani ku Chanyanya, kudoko la asodzi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Nsomba zinasonkhanitsa anthu ochokera kosiyanasiyana, moti mwana wa kumeneko amamva Chitonga, Chinyanja, Chibemba ngakhale Chilozi asanaponde pa sukulu. Chizungu amakakumana nacho m'kalasi, momwe ana adzadza thothotho chiyambire maphunziro aulere mu 2022. Mphunzitsi mmodzi sangacheze ndi aliyense.

Ndiye kholo la kumeneko likasiya chinenero chake, litsala ndi chiyani? Chizungu chongolamula: bwera, khala, leka. M'Chinyanja kapena m'Chitonga kholo lomwelo limasimba nthano, limaponya ndagi, limafotokoza chifukwa chake boma limatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Mwana amaphunzira kuganiza ndi kufunsa m'macheza otere. Mukam'mana, amatsala ndi Chizungu choperewera ndi Chinyanja choperewera, ndipo agogo ake akabwera amangoyang'anana.

Mkanganowu si wathu tokha. Ku California, ku America, kuli mabanja ambiri olankhula Chisipanishi. Mu 1998 ovota anavomereza lamulo la Proposition 227 loti ana otere aziphunzira pafupifupi zonse m'Chizungu. Mu 2016 anabweza mawu: oposa 70 pa 100 alionse anavotera Proposition 58, masukulu n'kuloledwanso kuphunzitsa m'zinenero ziwiri. Kumeneko ana amamva Chizungu paliponse, pa TV ndi m'sitolo. Nanga ku Chanyanya?

Mantha a makolo ndi akuti zinenero ziwiri zimasokoneza mwana. Akatswiri oona za kakulidwe ka ana amati ayi. Kusakaniza mawu, monga "nayenda ku shop", si matenda. Mwana akamakula amadziwa choti akambe ndi yani. Ndipo amene waphunzira kulumikiza zilembo ndi mawu m'chinenero chake sayambiranso pachiyambi akafika pa Chizungu.

Manje sukulu yatenga Chizungu, pakhomo ndipo patsala pokulira chinenero cha makolo. Aliyense akambe ndi mwana chomwe amachidziwa bwino. Ngati mkulu wake wa ku sekondale amatha Chizungu, aziwerenga naye buku madzulo. Amayi ndi agogo apitirize nthano zawo.

Unduna wa maphunziro nawo uli ndi ngongole. Dongosolo likulola mphunzitsi kumasulira m'chinenero cha ana, koma chilolezo chopanda mabuku ndi aphunzitsi okwanira sichiphula kanthu. Zotsatira zake tisakazifunse kumasukulu olipira a ku Kabulonga. Tikafunse ku Chanyanya: mwana wa Giredi 1 akumva zomwe akuimba motsatira aphunzitsi?