Mwana asatuluke sukulu osadziwa kuwerenga botolo la mankhwala

Msuweni wanga wa kwathu kwa Msakambewa ku Dowa adapeza ganyu chaka chatha pafakitale ina ya ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, komwe amasakaniza ndi kulongedza mankhwala otsukira m'nyumba. Tsiku lake lachitatu adamutuma kukatsuka mgolo. Pofuna kuti mgolowo uyere msanga, adathiramo mankhwala oyeretsera zovala, osadziwa kuti pansi pake padatsalira asidi. Mudatuluka mpweya womwe udamutsamwa pakhosi, maso adafiira, ndipo adagona m'chipatala akutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu. Nkhaniyi itafika kumudzi, ena adati ndi tsoka, ena adati alipo adamuchitira kaduka chifukwa chopeza ntchito m'tauni.

Ine ndikukana zonsezo. Mpweya udamupwetekawo ndi wa klorini, ndipo umatuluka nthawi iliyonse mankhwala oyeretsera zovala akakumana ndi asidi, kaya ndi pafakitale kapena m'bafa la kuhositelo. Mnyamatayu ali ndi satifiketi ya MSCE ndipo sayansi adakhoza. Adaloweza mayina a mankhwala kuti alembe mayeso, koma palibe adamuuza kuti tsiku lina zinthu zomwezo adzazigwira ndi manja. Apa ndi pomwe ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tiyenera kudziyang'ana.

Mwina wina ati kwa Msakambewa kulibe fakitale, nanga nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Pitani kumunda. Mlimi wa fodya amayamba kupopera mankhwala kunazale. Kuyambira pomwe mbozi zowononga chimanga zidafala, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pangozi, mpope wopopera wasanduka chida cha pakhomo ngati khasu. Tikakolola timathira Actellic m'chimanga. Pamsika wa Mponela kapena pa boma la Dowa mupeza mankhwala a makoswe ndi a mbozi atagawidwa m'timabotolo topanda dzina. Amene amapopera nthawi zambiri ndi mnyamata wa kabudula, wopanda nsapato, mpope ukumudonthera kumsana. Ndi mnyamata yemweyo amene mawa akwere minibasi kukasaka ganyu ku Kanengo. Chizolowezi cha kumunda amapita nacho kufakitale.

Mfundo zotetezera munthu pantchito yotere sizovuta. Yoyamba ndi kudziwa chomwe wagwira. Botolo kapena mgolo wopanda chizindikiro suyenera kutsegulidwa, kununkhizidwa kapena kutsukidwa mpaka wodziwa atanena zomwe zidalimo. Pabotolo la mankhwala a mbewu pamakhala mzere wa mtundu kumunsi kwake: wofiira ukutanthauza poizoni woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Chithunzi cha chigaza ndi mafupa, cha lawi la moto, kapena cha madzi akudya dzanja, chimalankhula ngakhale kwa munthu amene sadziwa Chingerezi. Safunsa adadya phula, ndipo pantchito ya mankhwala phulalo limapha.

Yachiwiri ndi yakuti magolovesi ndi chophimba mphuno ndi chitetezo chomaliza. Mwini ntchito ayenera kuyamba waganiza zochotsa choopsacho, kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ena osaopsa kwambiri, kutseka migolo, ndi kuonetsetsa kuti mpweya ukulowa ndi kutuluka m'chipinda. Zovala zodzitetezera zimabwera pamwamba pa zimenezi. Ndipo zikhale zoyenera: kansalu komwe tinkavala nthawi ya Covid-19 sikatchinga nthunzi ya mankhwala.

Yachitatu ndi kasungidwe. Mankhwala odana asayandikane, ndipo asakhale pafupi ndi moto kapena chakudya. Pa 4 Ogasiti 2020, matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, omwe amagwiritsidwanso ntchito ngati feteleza, adaphulika padoko la Beirut ku Lebanon atakhala zaka zingapo m'nyumba yosungira katundu. Anthu oposa 200 adafa. Kwathu kuno chipinda chimodzi chimasunga feteleza, mankhwala a fodya, ufa ndi mphasa ya ana. Chigubu cha mankhwala chikatha timachitsuka nkumatungira madzi kapena kuikamo mafuta ophikira. Chigubu chotere chiyenera kutsukuluzidwa katatu ndi kubooledwa kuti wina asachigwiritsenso ntchito.

Yachinayi ndi kudziwa chochita ngozi ikagwa. Mankhwala akagwera m'maso kapena pakhungu, vulani zovala zonyowazo ndi kutsuka ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15. Womwa asidi kapena mankhwala owotcha musamusanzitse, chifukwa amawotchanso kachiwiri potuluka. Mkaka si mankhwala a poizoni, ngakhale ambiri kumudzi amakhulupirira choncho. Mukaona munthu wochoka kopopera akutuluka dovu, thukuta ndi misozi, mwana wa diso atachepa, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo lake, kuti dokotala adziwe chomwe akulimbana nacho.

Yachisanu, yomwe ndi yovuta kuposa zonse, ndi kulankhula. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, mpweya wa poizoni udatuluka pafakitale ya Union Carbide ku Bhopal m'dziko la India, yomwe inkapanga mankhwala ophera tizilombo ta mbewu. Anthu zikwizikwi adafa, ambiri a iwo osauka omwe ankakhala m'mbali mwa mpanda wa fakitaleyo. Ngoziyi isadachitike, padali kale ngozi zing'onozing'ono, ndipo zida zina zotetezera zidali zosagwira ntchito usikuwo. Ngozi yaikulu imayamba ndi kampopi kodontha komwe aliyense amakaona nkukhala chete. Wantchito amene wanena kuti paipi ikudontha wapulumutsa anzake, ndipo kapitao wanzeru amamuthokoza.

Ndikudziwa yankho lomwe ambiri angandipatse, chifukwa msuweni wanga adandipatsa lomwelo: ntchito ndi yosowa, ukafunsa magolovesi pageti pali anthu 20 odikira malo ako. Izi ndi zoona, ndipo sindingaimbe mlandu munthu wa njala. Nchifukwa chake udindo waukulu uli pa olemba ntchito ndi boma. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito mu 1997, ndipo mu 2000 lidakhazikitsa lamulo la chipepeso kwa ovulala pantchito komanso lamulo loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, lomwe lidabala bungwe la Pesticides Control Board. Malamulo alipo. Koma lamulo lomwe waganyu sadalimvepo silingamuteteze. Munthu sangapite kuofesi ya zantchito kukadandaula za ufulu womwe sakudziwa kuti ali nawo.

Enanso ati silabasi yadzaza kale. Sindikupempha phunziro latsopano. Mphunzitsi wa sayansi akamaphunzitsa za asidi, atenge mphindi khumi kufotokoza chifukwa chomwe timathira asidi m'madzi osati madzi mu asidi. Wa zaulimi abweretse m'kalasi mapepala a pamabotolo a mankhwala, ana awerenge okha ndi kumasulira m'Chichewa. Wa maphunziro a zachikhalidwe atchule ufulu wa wogwira ntchito. Pa 28 Epulo, lomwe ndi tsiku loganizira chitetezo pantchito padziko lonse, sukulu itha kuitana mlangizi wa zaulimi kapena wazaumoyo kudzayankhula paasembule. Izi sizifuna labotale, ndipo sukulu ya CDSS ya kumudzi ingazikwanitse. Mwana amene wamva zimenezi Lachitatu amakaziuza bambo ake Lachinayi asadanyamule mpope.

Anzanga amene tikupita kukayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi, ambiri mwa ana amene tikawapeze sadzafika kuyunivesite. Adzapita kumunda, kuesiteti, kugolosale ya zipangizo zaulimi, ku Kanengo kapena ku Joni. Msuweni wanga adachira, koma mpaka lero akakwera chitunda cha kwathu amaima kawiri kuti apume. Ali ndi zaka 23. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndayamba kale kutolera mapepala a pamabotolo oti ndikaphunzitsire, ndipo ndikupempha kuti nanunso mukatero kusukulu komwe akakutumizeni.